Gitala ya Malemu a Jeremiya

Maganizo opita ku Joni anandifikira m'chaka cha 1996, nditakhala mwezi wathunthu pa Ntcheu popanda munthu wobwera kudzakhometsa ngakhale kampando. Ndinali kalipentala, ndipo mkazi wanga Lonesi anali woyembekezera. Nditamuuza anangoti, "Pitani, koma musakatchone." Ndinaseka, koma ndinali nditayamba kale kuopa. Ine ndine munthu wamantha ndipo sindibisa. Mpaka lero galu wa anansi ndimamulambalala.

Ku Rustenburg ndinafikira ku Freedom Park, m'kachisakasa ka malata. Ntchito ya mumgodi sindinaipeze, ndiye ndinkakhomera anthu zitseko ndi mashelefu. Masiku a papasipoti atatha, galimoto ya apolisi ikangotulukira ndinkathamangira kukabisala. M'thekisi ndinkakhala duu, kuopa kuti lilime lindigulitsa. Kumudzi ndinkatumiza kangachepe ndi kalata ya mizere itatu, yonena kuti ndili bwino. Lamulungu ndilo linkandiwawa kwambiri, chifukwa kunalibe ntchito yoti indiiwalitse kuti ndili ndekha.

Amalawi obwera kumene tonse tinkadutsa m'manja mwa a Chisale, mtchona wa ku Dedza amene ankakhala ku Boitekong. Anakalambira m'migodi, ndipo sindinawaonepo akuseka. Anthu ankanong'ona kuti anathyolapo munthu nsagwada chifukwa chowapondera chipewa. Tsiku lina masana anaima pakhomo panga atanyamula chinthu chokulunga m'bulangeti.

"Iwe mfana wa ku Ntcheu, akuti uli ndi manja," anatero. "Gitala iyi ndi ya mnzanga Jeremiya. Tamuika konkuno sabata yatha, mtembo sitinathe kuutumiza. Ndiye kumudzi kupita gitalayi m'malo mwake. Uisambitse ngati mmene timasambitsira munthu. Koma osasinthapo kanthu, wamva? Mkazi wake akaione mmene inalili."

"Ndamva, bambo," ndinayankha, ngakhale gitala ndinali ndisanaikonzepo chibadwire. Kukana kunali koopsa kuposa kuvomera.

Inali gitala yokongola ngakhale inali itatopa. Kumsana inali ndi mng'alu, vanishi anali atasuwa, ndipo pamene pankakhala mkono wa mwini wake panali patada ndi thukuta. Kuzungulira bowo la pakati panali mkombero wa tizigoba ta nkhono za m'nyanja, tolowetsedwa m'thabwa, tonyezimira mobiriwira ukatembenuzira ku dzuwa. Mng'alu uja ndinaumata bwinobwino ndi guluu, ndipo ndinayamba kudzimva kuti ndine mmisiri.

Kwathu vanishi wakale timamupala ndi chibenthu cha botolo. Pa tebulo la mlombwa palibe chimene chimaposa njira imeneyi, ndipo bambo anga anandiphunzitsa choncho. Ndinaswa botolo, n'kusankha chibenthu chakuthwa, n'kuyamba kupala ngati ndili pa Ntcheu. Sindinkadziwa kuti tizigobato n'topyapyala ngati chikhadabo. Galasi linakola m'mphepete mwa mkombero, ndinangomva kuti tswa! Tizigoba tingapo tinathetheka n'kugwera m'dothi. Ndinakwawa pansi ponse, koma ndinangotola fumbi lonyezimira.

Kuyambira tsiku limenelo ndinali ndi anthu awiri owaopa, wamoyo ndi wakufa. A Chisale akanatha kundithyola, kapena kungolozera apolisi chisakasa changa. Nanga a Jeremiya? Katundu wa malemu sakhudzidwa mwachisawawa asanafike kwa eni ake, ndiye ine ndinali nditaswa chinthu choimira mtembo. Chakudya chinasiya kutsika. Mphepo ikagwedeza malata, mawaya a gitala ankalira okha pang'ono, ine n'kuthawira panja. Lero ndikamawauza anzanga amaseka, koma nthawi imeneyo ndinaonda moti lamba ndinamuboola malo ena.

Chimene chinandipulumutsa ndi kaunjika wa m'tauni. Ndinakumbukira kuti malaya ena akale amakhala ndi mabatani a chigoba chenicheni. Kuti ndisiyanitse ndi a pulasitiki ndinkawagogoda pa dzino, chifukwa chigoba chimazizira ndipo chimalira mouma. Mayi wogulitsa anandifunsa m'Chitswana ngati mutu wanga unkayenda bwino. Ndinangogwedeza mutu, osatsegula pakamwa, n'kugula malaya amene sakanandikwana n'komwe.

Batani lililonse ndinalinola pamwala mpaka litapyapyala, n'kudula m'mphepete mopanda mabowo ndi kafayilo. Ambiri ankasweka ndisanamalize. Zidutswa zimene zinapulumuka ndinazilowetsa mumkombero ndi guluu wosakaniza ndi fumbi la makala kuti mipata isaoneke. Kenako ndinasalaza ndi sandipepa wofewa, n'kupaka vanishi ndi kansalu, pang'onopang'ono, kudikira kuti aume ndisanabwerezenso. Gitala inawala ndithu. Koma ukaiika padzuwa, tizigoba ta a Jeremiya tinkabiriwira pamene tanga tinkayera, ngati dzino loikirira m'kamwa.

A Chisale atabwera ndinawalandirira m'kati, kumdima. Anaitembenuza, n'kuyendetsa chala chachikulu pamkombero. Maso awo anali atadyedwa ndi fumbi la mumgodi, ndipo ndikhulupirira kuti ndi chimene chinandiombola.

"Mushe, zili bwino," anatero. "Upita nayo ndiwe. Ukaipereke ku Dedza, m'manja mwa mkazi wake Anaphiri, osati mwa munthu wina."

Sindinakane. Ndinali nditatopa ndi kubisala, ndipo mwana wanga anali atayamba kuyenda ndisanamuone. Koma mantha sanatsale ku Joni, anakwera nane basi. Njira yonse gitala inali pamiyendo panga, ndipo ndinkangoganiza kuti nkhalamba ya maso ofooka ndaipusitsa, koma mkazi amadziwa katundu wa mwamuna wake.

Ku Dedza ndinafika ndisanapite n'kwathu komwe. Anthu anasonkhana pakhomo pa Anaphiri, ndipo atangoona bulangeti lija amayi anayamba kulira maliro. Anaphiri anali mayi wamng'ono thupi, wa imvi, atakhala pamphasa ndi mwana wawo wamkazi, Esinati, amene anali kale ndi ana ake. Anamasula bulangeti padzuwa lowala, tizigoba tanga n'kuyera mbee pamaso pa aliyense. Sindinathe kupirira. Ndinagwada.

"Amayi, ndikhululukireni. Apa ndinaswa ndine pokonza. Toyerati si ta bambo ayi, ndi mabatani a malaya."

Anayang'ana gitala. Anaigwira mozondoka, ngati munthu amene wapatsidwa khanda la eni.

"Mwanangu, dzukani," anatero. "Ine ndikanadziwa bwanji? Bambo ake Esinati anachoka muno ndi kasutikesi, mwanayu ali kumsana. M'makalata ankangoti ali bwino." Anakhudza waya umodzi, unalira, iwo n'kudzidzimuka. "Kodi ankaimba?"

Mudzi wonse unali pamenepo, abale awo ndi anzawo a ubwana, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa kuti a Jeremiya anagwirapo gitala. Ndinali nditaonda chifukwa choopa kuti kumudzi akaona tizigoba tosinthidwa, pamene kumudziko munthu yenseyo anali asakumudziwa.

Anaphiri anasendera pafupi nane, n'kutsitsa mawu. "Inu mwachokera kumeneko. Tandiuzaniko nyimbo imodzi yokha imene ankaikonda."

Ndinafunafuna m'mutu, ndinafuna ngakhale kunama, koma ndinalibe. A Jeremiya ine sindinawaonepo.