Nyuzipepala yokulungira jekete la atate

Pepalalo linali lachikasu, lonunkha thukuta ndi fodya, ndipo pamwamba pake panali zilembo zakuda bii, zonenepa ngati chala chamanthu. Mnzawo wa atate ndiye anakulungiramo jekete lawo pochokera kumigodi ya ku Joni, chilimwe chija asipayi, asilikali a Kampani ya Azungu yolamulira dziko, ankasaka amuna m'midzi. Anatula mtolo pakhomo, nati, "Anamwalira," n'kukwera bwato ulendo kwawo.

Amayi anakana zoti munthu angathere m'liwu limodzi. Ankati zilembo zazikuluzo zikunena zonse: tsiku, matenda, manda. "Pita nalo kwa aphunzitsi akuwerengere. Usalinyowetse."

Aphunzitsi apamishoni, munthu wa ku Likoma wonyadira Chingerezi chake, analiyang'ana nthawi yaitali, kutsogolo ndi kumbuyo. Kenaka analibaya ndi minga pakhoma la tchalitchi momwe tinkaphunziriramo, n'kutiitana tonse. "Taonani, Azungu akamalemba mitu ya nkhani amataya timawu ting'onoting'ono. Zadzulo amazilemba ngati zalero. Alibe nthawi." Sabata yathunthu tinkaimba mzere umenewo osaumva, mwera ukupeperutsa pepala, fungo la usipa wapathandala likulowera pazenera. Ndikafunsa za atate, ankangoti, "Khala pansi iwe, sitinafike pamenepo."

Pobwerera ndinkapeza amayi ataima panjira, khasu lili m'manja. "Akuti chiyani?" Ndikanawauza kuti Azungu alibe nthawi?

Loweruka ndinawagenda aphunzitsiwo ndi sileti pachipumi, magazi chuu pa malaya oyera aja, ndinazula pepala n'kuliyatsa liwiro. Sukulu yanga inathera pompo. Sindinapepese ndipo sindidzapepesa, olo andikokere kwa ansembe. Munthu wamkulu, wometa ndevu, angasandutse maliro a eni kukhala phunziro?

Amayi analisomeka pepalalo kudenga. Ankalitsitsa mwa apo ndi apo, n'kumasisita zilembo zija ndi chala. Anamwalira akukhulupirirabe kuti amuna awo ali m'menemo.

Chaka chatha, ndikusenza nkhuni za sitima yapanyanja, kalaliki wina anandiwerengera kachidutswa ka pepala lija kamene chiswe chinasiya, akuseka. Inali nkhani ya mpikisano wa akavalo.

Sindinawakhululukire aphunzitsi aja. Komabe chimene mwana wogenda sileti uja sakanachidziwa n'chakuti iwo analiwerenga lonse tsiku loyamba lomwelo, akufunafuna dzina la atate, ndipo anasowa pakamwa pouzira mayi wamasiye kuti za amuna awo palibe amene analemba ngakhale kamodzi.