Adadi adetsa dala kandege kawo

Mwaswera bwanji nonse kumeneko.

Kandege kankhondo kapulasitiki kaja, kamene achimwene a Yohane anatumizira adadi kuchokera ku Joni, katha lero. Miyezi itatu yathunthu adadi akhala pakhonde akumata tizidutswa ndi guluu, dzanja lamanja likunjenjemera chidwalireni sitiroko. Dzulo anakapenta, kakuwala bwinobwino.

Ndiye masanawa pochokera kuchigafa kosankha fodya, ndinawapeza atatapa mwaye wa kukhitchini ndi dothi lofiira, akupaka ndi nthenga ya nkhuku kumbuyo kwa injini ndi m'matayala. Amayi atangoona anati, "Mayo ine, bambo anu awononga chinthu chokongola!" Anathamangira kansalu konyowa.

Abale anga, adadi anawagwira mkono ndi dzanja lodwala lomwelo. Ndipo anayankhula momveka: "Anabanda, musapukute. Ndege yathu ku usilikali inkatera chonchi, utsi apa, fumbi apa, ine n'kuyamba kuikonza."

Mukudziwa nonse kuti chaka chonsechi mawu awo angokhala "eya" ndi "iyayi" basi. Amayi anangokhala pansi, kansalu kali m'manja, misozi ikutsika uku akuseka. Adadi anapitiriza kufotokoza pang'onopang'ono, akuloza ndi nthenga, mpaka tiyi wawo anazizira.

Pano akuti akufuna ina ya mainjini awiri, ndipo owagwirira tizidutswa akhale amayi. Amayi akuti maso awo saonanso tinthu ting'onoting'ono. Achimwene, yotereyi ikupezeka kumeneko? Nanga enanu mukuti bwanji, tiyambe ndi ndege kapena magalasi a amayi?