Kompyuta Yokomoka Masana

Ntchito yanga yoyamba inali pa kaofesi kena ku Mangochi, komwe tinkawerengera nsomba zogwidwa m'madoko. Makompyuta analipo anayi, ogwirira ntchito limodzi, ndipo wowayang'anira ndinali ine. Iliyonse inkatumizira anzake kauthenga pafupipafupi konena kuti ilipo. Ina ikangoti zii, enawo ankaiyesa yakufa n'kugawana ntchito yake.

Panali ina yokalamba, imene dzuwa la Okutobala likafika paliwombo inkakomoka. Ikazizira inkadzuka n'kupitiriza pomwe inalekezera ngati palibe chachitika, n'kufufuta zimene anzake alemba. Abwana anandiuza mosapsatira kuti zikachitikanso ndiuone msewu. Ntchitoyo ndinkaikonda, ndipo mantha anandigwira zedi.

Loweruka ndinakwera ku Namwera kukadandaulira makolo. Bambo anaseka mpaka kutsokomola.

"Ameneyotu ndine," anatero.

Nkhani yawo ndinkaidziwa mwapatalipatali. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique tinathawira kuno ine ndili kumsana, ndipo tinapatsidwa kamunda. Bambo anabwerera kukatenga mbuzi zawo, osaonekanso kwa nthawi yaitali. Anthu atatopa kudikira, sadaka ya maliro awo inachitika, ndipo mbali ina ya munda inapita kwa achimwene awo.

Amayi analanda nkhani. "Bambo akowa atatulukira, m'mawa mwake anangonyamula khasu, ulendo kumunda. Anakafukula mtedza wonse wa alamu anga, ati akupanga mizere ya chimanga. Munthu woti tinamudyera kale sadaka."

"Nanga ndikanadziwa bwanji? Palibe anandiuza," Bambo anadziteteza.

"Inu munafunsa?"

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo chochita chinandibwerera pomwepo. Lolemba ndinakhalira makinawo tsiku lonse. Ndinawakonza kuti kompyuta yodzuka isalembe kanthu. Iyambe yafunsa anzake zonse zachitika iyo kulibe, ikopere, kenako ipatsidwe ntchito.

Mawa lake masana nkhalamba ija inakomoka monga mwa chizolowezi. Abwana anadzaima kumbuyo kwanga, manja m'thumba, ine thukuta lili kamukamu. Itadzuka, kagetsi kake kanaphethira nthawi yaitali ikukopera, kenako inalowa m'gulu mwaulemu. Palibe chinafufutika. Abwana anangoti mawa ndikaigulire fani yoiziziritsa, n'kubwerera mu ofesi mwawo.

Ndinatuluka panja n'kuimba foni kumudzi, mtima uli mbee.

"Yafunsa?" anatero Amayi.

"Yafunsa, Amayi. Ntchito ndikadali nayo."

Ndinawamva akutembenukira kukhonde komwe Bambo amakonda kukhala.

"Mwamva, bambo a mwana? Chitsulo chaphunzira kufunsa. Mwatsala inu nokha."