Nsapato Zimene Amayi Anagulira Ulendo wa ku Chicago

Kapepala kamene kanayambitsa zonsezi ndinabwera nako ndine, kuchokera kuntchito. Masiku amenewo ndinkakhala ku South Bend ndi mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwakankha pa njinga zawo za olumala. Kapepalako kanali ka malo a zisangalalo a ku Chicago, kodzaza zithunzi za tisitima tothamanga chozondoka, akavalo amitengo ozungulirazungulira, ndi chigudumu chachikulu cha mipando, chimene chimakweza anthu m'mwamba pang'onopang'ono n'kuwatsitsanso. Ndinakamata pa fuliji, ndipo mwana wanga ankayamba kukaona iko asanasukusule n'komwe.

Amayi anali atabwera kuchokera ku Dedza nyengo yotentha yomweyo. Bambo anali atatisiya chaka chapitacho, ndiye ine ndi achimwene tinawaitana kuti adzapumeko maganizo. Mwezi woyamba anakhala kwa achimwene ku Lawrence, m'mbali mwa Indianapolis, kenako anabwera kwa ine.

Ulendowo tinkaukonza atatu pa tebulo tikatha kudya. Malo aakulu kwambiri a kunja kwa mzinda tinawasiya, chifukwa kumeneko kumafunika galimoto, ndipo yanga inkakhosomola ikangoyenda kamtunda. Tinasankha a m'mphepete mwa nyanja, mumzinda momwemo, ofikirika pa sitima yonyamukira pa bwalo la ndege. Nthawi za sitima ndinakasindikiza ku laibulale. Mwana wanga ankalemba ndi kirayoni zimene akakwere, n'kumasintha tsiku lililonse. Amayi sankadziwa kuwerenga Chingerezi, koma kapepalako ankakayang'anitsitsa kuposa tonsefe. Tsiku lina anaika chala pa chigudumu chija.

"Zozondotsa mutuzi ndi zanu anainu," anatero. "Changa ndi ichi. Ndikufuna ndikalione dziko la eni akeli ndili pamwamba, ndikawasimbire anzanga a kutchalitchi."

Aka kanali koyamba kuwamva akufuna chinthu chibwerere. Titapita kukacheza ku Indianapolis Loweruka lina, akazi a achimwene anawatengera kusitolo, n'kubwerako ndi nsapato zoyera zansalu, zija zoyendera. Amayi anakana kuzivala. Anati zidzayamba kuponda pansi tsiku la ulendo. Anaziika pansi pa bedi, mapepala a kusitolo ali m'kati momwemo, n'kuyamba kuzungulira mdadada wathu m'mawa uliwonse atavala patapata, ati kulimbitsa miyendo.

Zinthu zinasokonekera pamene mnzanga wa kuntchito, nesi wachizungu amene anandipatsa kapepalako, ananena kuti iye ndi banja lake apita nawo tsiku lomwelo. Pakamwa ndinati ndakondwa, koma mtima unagwa. Munthu ameneyu ndinkafunitsitsa kuti azindiona ngati wozindikira. Ndikakhala naye ngakhale Chingerezi changa chinkatulukira m'mphuno.

Ndipo ndinali ndisanaiwale zimene zinachitika masabata awiri m'mbuyomo. Tili m'chisitolo chachikulu, amayi atatopa, anangoyala chitenje pansi pafupi ndi khomo, n'kukhala tambalale. Mlonda anabwera kudzafunsa ngati akudwala. Iwo anagwada n'kumuombera m'manja, kumupatsa ulemu ngati mkulu wa mpingo. Anthu ankacheuka. Ine ndinawadzutsa mokalipa, ndipo njira yonse yobwerera sindinawayankhule. Tsono ndinkawaona kale m'maganizo mwanga ali ku Chicago, atakhala tambalale pakati pa anthu, akumasula mfundo ya chitenje, mnzanga uja akuonerera.

Ndinaganiza masiku awiri, ndipo chimene ndinatulukira nacho chinali bodza. Ndinawapeza akupinda zovala.

"Amayi, ndawafonera anthu aja kuti ndibuke matikiti. Akuti anthu achikulire odwala BP sakuwalola kulowa. Ndi lamulo lawo."

Anasiya kupinda. Anayang'ana ku fuliji, kenako anayang'ana ine, kanthawi ndithu.

"Oo. Ndi lamulo lawo?"

"Eya."

"Basi, kwa eni kulibe mkuwe. Mupite inu, mudzandisimbire."

Anapitiriza kupinda zovalazo. M'mawa mwake sanatuluke kukazungulira mdadada.

Achimwene anaimba foni Lachisanu, akuseka, kufunsa ngati nsapato zija zakonzeka. Nditawauza za lamulolo anasiya kuseka.

"Iwe, ukundiuza ine zimenezo? Ine ndinadirayiva mpaka konko chaka chatha, agogo anali mbwee, ena ndi ndodo zawo."

"Ndiye bwerani mudzawatenge mupite nawo inuyo," ndinayankha mwaukali. "Nthawi zonse mumadziwa zambiri muli patali."

Ndinadula foni. Ukali wanga umakula kwambiri ndikakhala kuti wolakwa ndine, ndipo khalidwe limeneli ndikadali nalo.

Tsiku la ulendo ndinadzutsidwa ndi fungo la mafuta. Amayi anali atakazinga nkhuku, ataphika mazira, ndiponso atapanga mandasi odzaza beseni. Anati munthu sayenda wopanda kamba. Anakulunga zonsezo m'chitenje, koma ine ndinamasula n'kuziika m'chikwama chakuda kuti zisaoneke. Anatiperekeza mpaka pagalimoto, n'kumukonza mdzukulu wawo kolala ya diresi.

Pa siteshoni mnzanga uja anatikupizira dzanja ali patali. Anali ndi mwamuna wake ndi ana awiri. Kutsogolo kwawo, pa njinga ya olumala, panali mayi wokalamba kwambiri, tsitsi lili mbuu, kachubu ka mpweya kali m'mphuno, atavala chipewa cha dzuwa chopindika.

"Awa ndi amayi anga," anatero m'Chingerezi. "Sakanalola kutsala. Nanga ako ali kuti? Ndinawauza kuti apeza mnzawo."

Ndinati sanadzuke bwino. Mwana wanga anandiyang'ana, n'kutsegula pakamwa, ndipo ine ndinamufinya phewa mpaka anatseka.

M'sitima ana a mnzanga anamva fungo la mandasi. Ndinatulutsa mwamanyazi, koma mandasiwo anatha tisanafike n'komwe ku Chicago. Gogo uja anadya awiri, shuga ali mbuu pachibwano, n'kunena kuti ndikawauze amayi kuti manja awo ndi odala. Ndinaseka nawo.

Pachipata panalibe amene anafunsa za BP ya munthu. Okalamba anali ponseponse. Ndinaonanso mayi wina wachimwenye atakhala pansi pa udzu, miyendo tambalale, akudyetsa adzukulu ake, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anacheuka. Mnzanga ndi mwamuna wake ankathamangitsana ndi ana, ndiye njinga ya gogo uja inangogwera m'manja mwanga, poti ndiyo ntchito yanga ya masiku onse. Ndinawakankha tsiku lonse. Ndinawapukuta ayisikilimu pakamwa, ndinawaperekeza kuchimbudzi. Titafika pa chigudumu chija anati akufuna kukwera, koma akuopa. Ndinawanyamula m'khwapa, n'kukhala nawo mpando umodzi. Chitayamba kukwera anandigwira dzanja zolimba, ndipo mnzanga anatijambula ndi kamera yanga.

Pamwamba penipeni gogoyo ankaloza nyanja, maboti ndi nyumba zazitali, akufuula ngati kamtsikana. Ine ndinkangoganiza za nsapato zili pansi pa bedi. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo kwina kulikonse.

Titabwerera, amayi anafunsa mdzukulu wawo zonse zimene anakwera, iye akuyankha m'Chingerezi, iwo akungovomera ngati akumva. Ndinali nditamuopseza m'sitima kuti asatchule za gogo uja. Koma za zithunzi ndinaiwala. Nditazitenga kotsukitsa patapita sabata, mwanayo anandilanda envelopu ndisanatsegule, n'kuthamangira nayo kwa agogo ake. Ndinawapeza pa sofa akuona chimodzichimodzi. Atafika pa chija cha chigudumu anaima. Anachiyandikiza kumaso, n'kuchitalikitsanso.

"Awa BP yawo ili bwino?"

Ndinayamba kufotokoza zosamveka, kuti mwina lamulo linasintha, kuti mwina amene ndinayankhula naye pafoni anali watsopano. Anandidula ndi dzanja, n'kuuza mwanayo kuti akatenge kapepala ka pa fuliji. Anakatambasula pamwendo n'kuloza pakona. Pamenepo panali chithunzi chaching'ono cha agogo awiri aimvi, mwamuna ndi mkazi, ali pampando wa chigudumu chomwecho, akuseka. Ine ndinali ndisanachionepo, ngakhale kapepalako kanakhala pa fuliji mwezi wathunthu.

"Chingerezi sindiwerenga, mwanawe, koma maso ndili nawo," anatero. "Ndinadziwa tsiku lomwe lija. Ndinangoti mwana wanga ali ndi chifukwa chake."

Ndinagwada pamaso pawo, ine amene ndinawakalipira chifukwa chogwada. Ndinalira, ndinapepesa, ndinati tipite Loweruka likubwerali, awiriwiri, ndipempha tchuthi kuntchito. Anandisisita mutu.

"Miyendo yafooka tsopano. Ndinasiya kuyenda kuja."

Ndinawachonderera kangapo masabata otsatirawo, achimwene nawonso anayesa, koma yankho linali lomwelo. Sanandikalipire, sanandinenere kwa wina aliyense, ndipo mandasi ankapangabe Loweruka lililonse. Akanandilalatira bwenzi zitandipepukira.

Tsiku loti achimwene adzawatenge kupita nawo ku bwalo la ndege, ndinkawathandiza kulongedza sutikesi. Ndinatulutsa nsapato zija pansi pa bedi, zili zoyera mbee, mapepala akadali m'kati, n'kuziika pamwamba pa zitenje. Amayi anazichotsa n'kundibwezera m'manja.

"Izi ukawapatse agogo a pachithunzi aja," anatero. "Ndaona phazi lathu ndi limodzi. Iwowo ali ndi wowatengera koyenda."