"He" ndi "she" zandigwetsanso, ba sisi

Ba sisi, lero zandikanikanso. Ku intavyu ya ntchito yoperekeza alendo ku mathithi, bwana anali mzimayi, koma ine pakamwa pamangotuluka "he". Anangomwetulira nʼkunena kuti adzandiimbira foni. Ndikudziwa kuti sadzaimba.

Mu minibasi yobwerera kwathu ku Libuyu ndakumbuka tsiku lija munkandiluka pakhonde, uku mukundiyankhulitsa Chingerezi. Ndikaphonya, munkandikoka tsitsi. Ndinadandaula kuti, "Nanga mʼchinenero chathu mwamuna ndi mkazi si onse timangoti iye?" Inu munati, "Iwe, bazungu sibazamvela ivo. Kamba futi." Ndakwiya nanu, ba sisi. Munalonjeza kuti Loweruka tidzapitiriza mpaka lilime langa lizolowere, koma Lachinayi tinathamangira nanu kuchipatala, ndipo simunabwereko.