Kanyenya atakana kutsika kummero

Ndisanayambe, mboni zanga ndi zitatu: mayi a kunyumba, NaNyoni, amene chikwatirane sananamepo kupatula pa mtengo wa chitenje, achimwene anga a Daisoni, ogulitsa kachewere pa Lizulu, ndi a Ndau a lole yonyamula matumba, amene banja lathu silinawapatse moni zaka makumi atatu. Mmodzi akatsutsa, musadzandiwerengenso.

Lachiwiri tinali pa Lizulu, kanyenya ali pakati, pamene msuweni wathu Lemani anaimba foni kuchokera ku Mangalande. Amayankhula monyada ngati wakwezedwa pantchito.

"Asuweni, achipatala andilembera kalata. Anditumizira kabotolo, ndiikemo chimbudzi pang'ono, ndibweze pa positi."

"Mwadwala?"

"Ayi, ndili gwa. Kuno ukangokula amakusaka okha, kuopa khansa ya m'matumbo."

Ndikulumbira, abale anga, liliko dziko limene munthu wa positi amayenda ndi zimenezo m'chikwama, atatchena yunifolomu, akuimba mluzu.

Tinaseka mpaka ogulitsa kabichi a tsidya la Mozambiki anatifunsa ngati tatola ndalama. Koma tikuseka choncho ndinaona kanthu. Achimwene, munthu amene pa ukwati wina ku Kandeu anadya mbuzi yonse n'kusiya chingwe chokha, anali akutafunabe nthuli imene anaitola foni isanalire. Kenaka anailavulira kumbali.

"Mbuzi za masiku ano n'zolimba," anatero.

"Alamu," anatero NaNyoni, "miyezi itatu tsopano mbuzi zikulimbira inu nokha?"

Apo ndinakumbukira bambo.

Kale kwathu ku Kandeu kunalibe khansa. Ndikunenetsa. Kunali kudyetsedwa, kulodzedwa ndi chilonda cha m'kati. Bambo athu, amene akamavina ngoma fumbi limakagwa ku Nzama, anayamba chomwechi: inakana nyama, kenaka mbatata, kenaka phala, pomaliza ndi madzi omwe. Akuluakulu atawerenga masiku anapeza kuti zinayamba atamwa chipanda cha masese kwa mkulu Ndau, bambo wa mboni yanga yachitatu ija. Mlandu unathera pomwepo. Ngakhale nkhuku zathu zinasiya kukatola kumeneko.

Nthawi zina ndimawasowa masiku amenewo. Nthenda iliyonse inali ndi mwini wake, wanyumba ndi khonde, woti n'kumuloza chala. Ukalira maliro umadziwa kolavulira.

Koma taganizani. Khansa ili dziko lonse, imangosintha pokhala. Kwa anzake a Lemani imakonda matumbo, mapapo ndi mabere, ndipo kawirikawiri amaipeza ikadali khanda. Kuno ambirife imatigwira kummero, amayi athu khomo la chiberekero, ndipo timaipeza itamera ndevu. Kodi ku Mangalande kulibe afiti? Kapena afiti a ku Ntcheu anachita maphunziro a kummero okhaokha?

Madokotala amatchula kachasu, fodya, utsi wa nkhuni, zakumwa zotentha kwambiri, ndipo amavomera kuti zina sanazidziwebe. Pa zonse zimene amatchula, dzina la Ndau sindinalimvepo.

"Achimwene," ndinatero, "mawa kuchipatala."

"Kukatani? Wandichita ndikumudziwa. Uja wa benchi ya tomato, chiyambire kundisirira makasitomala."

"Monga mmene tinamudziwira wa bambo?"

Achimwene anangoyang'ana nthuli ija, ntchentche zitayamba kale msonkhano.

A Ndau anali pafupi, akumanga matumba, ndipo anamva zonse. Anapukuta manja pa thalauzi n'kubwera.

"A Daisoni, mwaswera bwanji?"

Zaka makumi atatu! Msika wonse unatembenuka, ndipo galu amene amathamangitsa njinga anaima mwendo uli m'mwamba. Funsani NaNyoni.

"Bambo anga," anapitiriza a Ndau, "anamwalira akulumbira kuti woyamba kumwa m'chipanda chija anali iwo eni. Zimenezo zisiyeni. Mawa ndikupita ku boma ndi katundu, kutsogolo kuli malo."

"Lole yanuyo?" anatero achimwene. "Ija imapumira pa chitunda chilichonse ngati nkhalamba?"

"Nkhalambayo ikumeza dizilo bwinobwino. Inu mukumeza chiyani?"

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Lachitatu m'mamawa achimwene anakwera, atavala jekete la ku tchalitchi, nkhope atalozetsa ku windo kuti anthu asaganize kuti akucheza. Ku boma awapatsa kalata yokaunikidwa kummero ku chipatala chachikulu. Chimene akapeze sitikuchidziwa, ndipo usiku NaNyoni akumapemphera motalikitsa. Koma a Ndau ati Lolemba ali ndi matumba opita komweko, ngakhale ine ndaona ndi maso anga kuti lole ilibe ndi thumba limodzi lomwe.

Dzulo ndinadzera ku positi, kungoyesa mwayi. Kabotolo kanga kulibe, ndipo sikadzabwera.

Nanga inu, amene nthuli yayamba kukukanani, mukudikira kalata ya ndani?