Ng'ombe za a Bestone Sizisunga Chinsinsi

A Bestone Nyirenda akhala akulima chimanga pafupi ndi Jenda kwa zaka makumi awiri, ndipo amadzitama kuti ng'ombe zawo zokoka ngolo zimadziwa njira ya kumsika popanda chikwapu. Akachedwa kubwerako, amauza akazi awo, NyaJere, kuti msewu ndi woipa chomene.

Tsiku lina a Bestone mwendo utawatupa, NyaJere anapita okha ndi ngoloyo. Ng'ombe zinayenda bwinobwino, koma zitafika pamtengo wa mango pomwe azibambo amasewera bawo, zinaima nji. NyaJere anakuwa, anakoka chingwe, koma ayi ndithu, mpaka dzuwa linafika pamutu.

Atafika kunyumba anamasula ng'ombezo, nati, "A Nyirenda, ndauona msewu wanu woipa uja. Koma uli ndi mthunzi wabwino!"